Anamwino athu akugulitsa kaunjika

Akuluakulu a unduna wa zaumoyo sasiya kudandaula kuti anamwino ndi ochepa m'zipatala. Ochepa kuti? Pitani pa Jenda tsiku la msika, mukacheze ndi atsikana ogulitsa kaunjika. Musadabwe wina akakuuzani kuti dipuloma yake ya unamwino ndi uzamba ili m'sutikesi kunyumba.

Kuno ku Mzimba amayi adayamba kalekale kugwira ntchito ya chipatala, kuyambira pomwe Dr Agnes Fraser ankachiza odwala ku Embangweni, mishoni ija itakhazikitsidwa mu 1902, mpaka lero pomwe ana athu aakazi akuphunzira unamwino ku Ekwendeni ndi ku St John's ku Mzuzu.

Koma taonani m'mene mwana wotere amafikira kumeneko. Bambo wachingoni kuti atulutse ng'ombe m'khola, osati ya malowolo koma ya fizi ya mwana wamkazi, ndiye kuti abale ake wakangana nawo, ena akuti mtsikana akakwatiwa phindu lidzapita kwa eni ake. Mwanayo zaka zitatu akugona mochedwa, akuyeza amayi kusikelo, akusintha mabandeji, akhoza mayeso a khonsolo ya anamwino ndi azamba. Kenako? "Dikirani, boma likuitanani." Adikira mpaka yunifolomu yoyera ija yayamba kumuthina. Mapeto ake wakwera basi ya ku Joni kukatsuka mbale za anthu ndi manja omwe adaphunzira kubereketsa.

Nthawi yomweyo, pa chipatala chaching'ono chakumudzi, namwino mmodzi ndiye sikelo, ndiye chikuta, ndiye wogawa mankhwala. Usiku agogodedwa, abereketsa mayi foni ili kukamwa kuti tochi iunike, m'mawa mzere wafika pamtengo. Akayankha mokalipa, ife timathamangira kwa amfumu kukanena kuti anamwino a masiku ano ndi amwano. Tayesani inuyo kukhala maso usiku wonse, tione ngati kukacha mungamwetulire apongozi anu.

Akuti ndalama zolembera anthu ntchito palibe. Chabwino. Nanga za misonkhano ya kunyanja, yokambirana za kuchepa kwa anamwino komweko, zimachokera kuti?

Chonde, inu a unduna, inu aphungu a kummwera kwa Mzimba, inu a kukhonsolo ya boma: mayina a ana amenewa alipo, adalembedwa pa tsiku la mayeso. Aitaneni. Yambani ndi zipatala za kutali monga ku Khosolo ndi ku Luwerezi, ndipo kanyumba kogonamo namwino kakhale ndi chitseko chokhoma, chifukwa mtsikana wobwera yekha sangagone m'stolo ya mankhwala.