Kodi Kawale ndi Mgona Alibe Mbiri?

Abale athu a m'midzi, pali mau amene timawamva kawirikawiri pakamwa pa ana athu obwera ku Lilongwe, ndipo ife tafuna kuwatsutsa poyera. Amati, Ku Kawale, ku Biwi, kwa Chinsapo ndi ku Mgona kulibe mbiri. Kumeneko nkunchito cabe, kwathu nkumudzi. Mau awa amveka ngati olemekeza mudzi, koma sali oona, ndipo atitayitsa cuma cimene sitidzacitolanso.

Taganizani bwino. Asanafike Azungu panali kale midzi ya Achewa m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe ndi wa Lingadzi, ndi mafumu ao, minda yao ndi manda ao. Kuciyambi kwa zaka za 1900 Angerezi anamanga boma pamenepo, m'dziko la mfumu Njewa. M'zaka za 1920 ulimi wa fodya unakula, malonda anacuruka, ndipo mu 1947 malowo anayesedwa tauni. Powerenga anthu mu 1966 anapeza osakwana 20,000. Koma Dr Banda anafuna kusamutsa likulu kucokera ku Zomba. Mu 1968 linakhazikitsidwa bungwe lomanga mzinda, dziko la South Africa linakongoza ndalama, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu la dziko. Pa kalembera wa 2018 anthu ace anali 989,318.

Nanga khamu lonseli linamanga pati? Linamanga pa minda ya anthu. Midzi yina inasamutsidwa kuti papite miseu ndi nyumba za boma, yina inangomezedwa ndi mzinda. Olemba mapu anagawa dzikolo, nalipatsa manambala. Nambala ithandiza wofuna njira, koma siidziwa amene anakumba citsime coyamba, kapena amene agona pansi pa mkuyu uja. Cifukwa cace mwana wobadwira ku Area 23 achula nambala yace, osadziwa kuti aponda dziko la mfumu Tsabango. Wa ku Area 25 apita pa Dzenza tsiku ndi tsiku, osafunsa konse za aphunzitsi amene anayamba nchito ya Mulungu pamenepo.

Ndipotu malo awa aliwonse ali ndi nkhani yaceyace. Kawale ndi Biwi, pafupi ndi tauni yakale, asunga mbiri ya anchito, amisiri ndi amalonda amene anamanga Lilongwe ndi manja ao. Ndi bwalo la Masintha lamva mau a atsogoleri ambiri a dziko lino. Chinsapo ali pa njira ya ku Likuni, kumene ansembe a Katolika anakhazikika mu 1903, ndipo kumeneko mudzi ndi tauni zikhala pamodzi. Mgona watsamira Kanengo, kumene kuli msika wa fodya ndi njanji yocokera ku Salima imene inafika mu 1979. Nyumba zace zothithikana ndizo mboni ya anthu amene anatsata fodya kudzafuna ganyu. M'mipingo ya kumeneko Mchewa, Mngoni, Mlomwe ndi Mtumbuka akhala pa benci limodzi, pamodzi ndi nkhalamba zimene zinagwira nchito ku Joni ndi ku Harare. Wofuna kudziwa mbiri ya cigawo ca pakati m'zaka 100 zapitazi aipeza yonse m'tinjira timeneti.

Ena adzati, Kukumba zakale kudzautsa mirandu ya malo. Ife titi, mirandu ya malo ilipo kale, ndipo ikula cifukwa mboni zatha kufa, osasiya mau. Enanso adzati, Imeneyo ndi nchito ya ophunzira a ku sukulu zapamwamba. Tiwayankha kuti Samuel Nthara, wolemba Mbiri ya Achewa, anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Anakhala pansi kufunsa akuruakuru, nalemba zimene anamva, ndipo ophunzira omwewo awerenga buku lace kufikira lero. Tsono ife tidikira yani?

Cimene tipempha ndi ici. Mpingo uliwonse wa m'malo amenewa usankhe anthu awiri kapena atatu odziwa kulemba, mwamuna ndi mkazi pakati pao, pakuti amai adziwa za zitsime, za misika ndi za maliro zimene abambo anaziiwala. Ayambe kwa mfumu, monga mwa ulemu wathu. Afunse dzina lakale la malo ndi tanthauzo lace, mabanja oyamba, kumene kunali manda, caka cimene mpingo unayamba ndi mtengo umene unasonkhana pansi pace. Nkhani iliyonse aimve kwa anthu awiri kapena atatu, naiyese ndi mabuku a ubatizo ndi a ukwati. Pamene mboni zisiyana, alembe mau a onse, asaweruze msanga. Asacite manyazi kulemba za njala, za matenda ndi za miyambo imene mpingo sugwirizana nayo, pakuti mbiri yobisa zina ndiyo bodza.

Ndipo inu a kumidzi musati izi nza a m'tauni. Theka la nkhaniyi lili kwa inu. Pakati panu pali okalamba amene midzi yao inasamutsidwa, ndi ena amene anaumba njerwa za likulu nabwerera kwao. Afunseni tsopano, mulembe, mupatse mbusa wanu. Akuru ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo lomwe liuma. Yoswa ataoloka Yordano anaimika miyala 12 kuti ana akadzafunsa apeze wowayankha. Ana athu obadwira ku Lilongwe adzafunsa ndithu. Tisawasiyire nambala yokha.