Mbaula yatsopano, paipi yakale

Ku America ndi ku Ulaya, mabanja ambiri amafunditsa nyumba ndi mbaula zoyaka timibulu ta utuchi wopanikizidwa. Mbaulayo ikatha, mwini nyumba amagula ina, koma paipi yotulutsira utsi amafuna ikhale yomweyo kuti asaononge ndalama zambiri. Ine sindikuonapo cholakwika, bola mmisiri ayiunike kaye.

Mbaula zimenezi zili ndi fani yokankha utsi, choncho kampata kalikonse polumikizira kamabwezera utsiwo m'nyumba. Mapaipi ake amakhala a mainchesi 3 kapena 4. Ngati kukula kwasiyana, pamafunika cholumikizira choyenera, chomatidwa ndi silikoni wopirira moto. Mapaipi a makampani osiyana nthawi zambiri salowana, ndiye osakakamiza. Chumuni chakale chikakhala chachikulu, amayamba achotsamo mwaye, kenako n'kulowetsamo paipi yachitsulo.

Chomwe akuopa ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe suoneka komanso sununkha. Mpweya womwewu ndi umene umapha anthu kwathu kuno akagona ndi mbaula yamakala m'nyumba yotseka m'mwezi wa June. Abale anga, musanaothe moto, yambani mwaona komwe utsi ukutulukira.