Pulinta Yalumikizidwa, Nanga Dzina la Agogo Latuluka Bwanji?

Ku Mandeya, m'chigwa cha Honde chakum'mawa kwa Zimbabwe, kufupi ndi malire a Mozambique, pulinta si chinthu chopezeka m'nyumba iliyonse. Wofuna kusindikiza kalata amapempha kusukulu kapena kwa abusa, apo ayi amakwera galimoto mpaka pa Hauna pamene pali timashopu tosindikizira mapepala. N'chifukwa chake mnyamata akabwera kuchokera ku Mutare atanyamula laputopu ndi kapulinta kogula kwa wina, mbiri imawanda msanga m'midzi ndi m'makomboni a m'minda ya tiyi. Tsiku loyamba amalumikiza makina awiriwo, n'kudina batani, ndipo pepala loyesera limatuluka lili ndi chizindikiro cha Windows ndi mizere ya Chingerezi. Oonerera amaomba m'manja, amvekere zatheka.

Kuomba m'manja kumeneko kumafulumira. Pepala loyesera la Chingerezi limangotsimikiza kuti magetsi akuyenda, inki ilipo, ndipo laputopu ndi pulinta zikumvana. Silinena kanthu pa funso limene limakhudza wolankhula Chichewa: kodi makinawa atulutsa dzina la munthu monga momwe mwini wake amalilembera? Pulinta imene imasindikiza bwino Chingerezi koma n'kumameza zilembo za Chichewa yalumikizidwa theka chabe, ndipo theka lotsalalo ndi udindo wa eni chinenero.

Kulumikiza kwenikweniko si kovuta. Njira yodalirika kumudzi ndi ya chingwe cha USB: mbali yooneka ngati kabokosi imalowa kumbuyo kwa pulinta, mbali inayo imalowa m'laputopu. Malaputopu atsopano ambiri ali ndi kabowo kakang'ono ka USB-C kokha, ndiye pamafunika kolumikizira kena pakati. Njira yachiwiri ndi ya Wi-Fi, ndipo mapulinta okhala ndi Wi-Fi Direct amalumikizana ndi laputopu popanda intaneti. Malo nawo ali ndi mavuto ake. Pulinta ya laser imakoka magetsi ambiri podzitenthetsa mkati, moti inverter yaing'ono ya sola imatha kuzima, pomwe pulinta ya inki yamadzi imayenda ndi magetsi ochepa. Chinyezi cha m'chigwa, chomwe chimakometsa tiyi, chimalowa m'mapepala ndipo amakodwa m'makina, choncho ayenera kusungidwa m'pulasitiki yotseka bwino.

Kuwonjezera pa chingwe, nthawi zambiri pamafunika pulogalamu yotchedwa driver. Ntchito yake ndi ya womasulira: imatenga zimene zili pa sikirini n'kuzisandutsa malangizo amene pulinta ya mtundu umenewo imamva. Windows imadzipezera yokha pulogalamuyi ngati pali intaneti. Koma pakati pa mapiri, pamene netiweki imabwera ndi kuchoka, mnyamata uja amayenera kukaitenga kutauni pa fulashi, kapena amasankha ina iliyonse yomwe ilimo kale bola pepala lituluke. Apa ndi pamene chinenero chimayamba kutayika.

Choyamba kutayika ndi chilembo cha ŵ. Mu Unicode, ndondomeko ya dziko lonse yopatsa chilembo chilichonse nambala yake, ŵ chaching'ono ndi U+0175 ndipo chachikulu ndi U+0174. Chimagwiranso ntchito m'chinenero cha Welsh ku Britain. Koma mulibe m'ndandanda yakale ya Windows-1252, imene mapulogalamu ena akale amadalirabe. Fayilo yosungidwa m'njira ya UTF-8 ikatsekulidwa ndi pulogalamu yoyembekezera ndandanda yakaleyo, dzina la Malaŵi limatuluka MalaÅµi. Wina akasankha driver ya Generic / Text Only, kapena akalola pulinta kuika zilembo zake m'malo mwa zimene zili m'laputopu, ŵ chikhoza kusanduka chizindikiro cha funso, kabokosi kopanda kanthu, kapena w wamba.

Chachiwiri ndi kachizindikiro ka ng'. Pulogalamu ya Word imakapinda yokha pamene munthu akutaipa, ndipo kopindako kakadutsa m'ndandanda yolakwika, ng'ombe imatuluka ngâ€™ombe. Mafomu ena a pa intaneti amakakaniratu m'malo olemba dzina. Nthawi zina wolakwa amakhala wotaipa. Amene anaphunzira kulemba Chishona amadziwa liwu lomweli ngati n', monga m'mawu akuti n'anga, amene m'Chichewa ndi sing'anga. Akakumana ndi ng' amaganiza kuti kachizindikiroko kalowa mwangozi, n'kukachotsa.

Wina angafunse kuti kachidontho kamodzi kangapweteke yani. Yankho lili m'mbiri ya anthu a m'minda imeneyi. Chinenero chachikulu cha m'chigwa cha Honde ndi Chimanyika, ndipo ku Chipinge ndi Chindau. Koma minda ya tiyi monga ya Eastern Highlands ndi Katiyo ku Honde, kapena ya Tanganda ku Chipinge imene inayamba m'zaka za m'ma 1920, inkafuna manja ambiri. Monga m'mafamu ndi m'migodi ya Southern Rhodesia yonse, antchito ena anachokera ku Mozambique ndi ku Nyasaland. A ku Nyasaland ambiri analowa m'dzikolo kudzera mwa Mthandizi kapena pa magalimoto a Ulere, ena anayenda pansi kudzera ku Tete. Ambiri sanabwerere kwawo, ndipo ana ndi zidzukulu zawo anabadwira komweko.

Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri mwa anawa anapezeka kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwiramo. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anakonza zimenezi m'gawo 43: munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanafalitsidwe, amene kholo lake linali nzika ya dziko lina la SADC, ndipo iye ankakhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa. Komabe lipoti la Amnesty International la 2021 linasonyeza kuti anthu ambiri otere anali adakali opanda zitupa chifukwa chosowa mapepala otsimikizira kubadwa kwawo. Ufulu wolembedwa m'malamulo umafika kwa munthu kudzera pa pepala: kalata ya mfumu, ya kusukulu, ya ubatizo, yolumbirira. Dzina likasiyana pa mapepala awiri, mwini wake akhoza kubwezedwa, ndipo ndalama ya galimoto imene anaipeza pothyola tiyi masiku angapo imapita pachabe.

Chitsanzo chake n'chotere. Mkulu wina wapempha mdzukulu wake kuti amulembere kalata yopita nayo kuboma. Pepala latuluka, mkuluyo walitalikitsa pang'ono kuti aone bwino, n'kupukusa mutu.

"Mdzukulu wanga, wandilemba Ngoma? Ine ndine Ng'oma, ija imalira pa gule. Ngoma ndi nyama ya nyanga zopotana ya kutchire."

"Pepani agogo, kompyuta ndi imene yakana."

"Ngati yakana, uiphunzitse. Ine dzina ndinapatsidwa ndi bambo wanga."

Mkuluyo akunena zoona, ndipo lamulo lili kumbali yake. Gawo 6 la malamulo omwewo a 2013 limatchula zinenero 16 zovomerezeka mu Zimbabwe, ndipo Chichewa ndi choyamba pa mndandandawo, limodzi ndi Chibarwe, Chindau ndi zina. Limalamulanso maofesi a boma kusamalira zinenerozi mofanana. Koma chinenero chovomerezeka chimene sichituluka bwino pa pulinta ya pa Hauna chimakhala chovomerezeka ku Harare kokha.

Pali zifukwa zitatu zimene anthu amapereka potsutsa, ndipo zonse zili ndi nzeru yake. Choyamba n'chakuti ŵ chinafa kale. N'zoona kuti manyuzipepala a ku Malawi sachilembanso, ndipo Pulofesa Pascal Kishindo anakayikira ngati olankhula ambiri amalitchulabe liwu limeneli. Komabe chilembochi chili m'mabuku ambiri a nthawi ya Chichewa Board, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972 n'kutulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, 1980 ndi 1990. Chili m'Buku Loyera, limene mipingo yambiri imawerenga. Ndipo m'Chitumbuka cha ku Malawi sichingasiyidwe, pakuti mawu monga ŵanthu ndi ŵana amayamba nacho. Ngati eni chinenero agwirizana kuchisiya chifukwa liwu lake lasowa pakamwa, palibe cholakwika, zinenero zimasintha. Cholakwika n'chakuti chisiyidwe chifukwa makina alephera. M'masiku a taipilaita wotaipa ankawonjezera kachipewa ka ŵ ndi cholembera, ndipo kutopa koteroko n'komveka. Lero chilembochi chili kale m'mafonti a Times New Roman, Arial ndi Calibri. Mu Word munthu amalemba 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi, chilembocho n'kuoneka.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti maofesi amafuna Chingerezi, ndiye Chichewa chilibe ntchito pa pulinta. Koma kalata ya Chingerezi nayo imanyamula dzina la munthu, la mudzi wa makolo ake ndi la mfumu yake. Ndiponso si mapepala onse amene amapita kuboma. Pali ndondomeko ya maliro, mndandanda wa zopereka za bungwe lothandizana pa zovuta, zolengeza za mpingo kapena mzikiti, kalata yopita kwa amalume ku Dedza kapena ku Angónia. Mwana wobadwira ku Mandeya amene amamva Chichewa kwa agogo okha, koma sanachionepo chitasindikizidwa, amakula ndi maganizo akuti ndi chilankhulo cha kukhitchini. Makina osindikizira a pa Nkhoma, pa Likuni ndi pa mishoni ya Blantyre anapatsa chinenerochi ulemu wa m'buku. Kapulinta ka pashopu kangachite zomwezo pamlingo wake.

Chifukwa chachitatu n'chakuti olankhula chinenerochi sagwirizana okha pa kalembedwe. Ku Malawi amalemba Chinyanja ndi chinthu. Ku Zambia, motsatira kalembedwe kovomerezedwa ndi unduna wa maphunziro mu 1977, amalemba Cinyanja ndi cinthu, ndipo ku Mozambique nakonso c ndiye wodziwika. Kusiyanaku kulipodi, koma sikuletsa kanthu. Pulinta siifunika kusankha mbali. Imangofunika kutulutsa zimene munthu walemba, kaya wachokera ku Chipata, ku Lichinga kapena ku Thyolo. Mkangano wa ch ndi c ndi wa anthu, ndipo udzathera kwa anthu.

Chotsalira ndi mawu ophunzitsira ntchitoyi. Windows 10 inali ndi mamenyu a Chiswahili ndi Chizulu, koma a Chichewa kunalibe, choncho malangizo onse olumikizira pulinta amafika m'Chingerezi. Pamenepa akatswiri ena amataya nthawi pofunafuna mawu a Chichewa chenicheni. Anthu anasankha kale: amati pulinta, laputopu, inki, fulashi, monga momwe makolo awo analandirira sukulu, pensulo ndi botolo. Mawu akuti makina osindikizira ndi abwino m'kalata ya ulemu, koma pashopu amatalika. Ovuta ndi mawu ochepa okha. Driver akalembedwa dalaivala, womvera amaganiza za woyendetsa minibasi. Kunena kuti pulogalamu yomasulira ya pulinta kumafotokoza ntchito yake mosasokoneza. Lamulo labwino n'lakuti mawu obwereka amene akumveka asiyidwe, ndipo amene akusocheretsa afotokozedwe.

Zofunika kuchita n'zochepa ndiponso zosadula. Aliyense wolumikiza pulinta kumene kuli olankhula Chichewa, akatha kusindikiza pepala loyesera la Windows, asindikizenso lachiwiri la chinenero chake. Mizere iwiri ikukwana. Woyamba: Ng'ombe ziŵiri za a Ng'oma zaloŵa m'munda wa tiyi nthaŵi ya m'maŵa. Wachiwiri ukhale wa zilembo zazikulu ndi mayina a kutsidya: MALAŴI, Angónia, João, Conceição, pakuti mabanja ambiri a m'malire ali ndi mayina a Chipwitikizi amene nawo amathyoka m'makina. Ngati chilembo china chatuluka chopunduka, achotse driver yongogwirizira n'kuika yeniyeni ya pulintayo. Kalata yokasindikizidwa pa kompyuta ya wina isungidwe ngati PDF, chifukwa PDF imatha kunyamula mafonti ake. Polemba dzina pa fomu ya pa intaneti, kachizindikiro koongoka ka pa kiyibodi kamadutsa bwino kuposa kopinda. Ndipo pepala la dzina la munthu lisaperekedwe lisanawerengedwe chilembo ndi chilembo pamaso pa mwini wake.

Malangizo amenewa akukwana pa tsamba limodzi. Olankhula Chichewa odziwa makompyuta ali ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Tete, ku Harare ndi ku Johannesburg, ndipo tsamba lotere angalilembe usiku umodzi, m'kalembedwe ka ku Malawi ndi ka ku Zambia, n'kulitumiza pa WhatsApp kuti likamatidwe pakhoma la shopu iliyonse yosindikizira. Sipakufunika kudikira unduna kapena kampani ya ku America. Mnyamata wa ku Mandeya ali kale ndi chingwe ndi inki. Akusowa mzere umodzi woyesera ndi wina womuuza kuti 0175 ndi chiyani. Agogo ake akadzalandira pepala n'kuwerenga Ng'oma pamene payenera kukhala Ng'oma, anthu aombe m'manja.