Mayi akati m'maso mukuthwanima: pempho kwa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje

Gulu la amayi ndi anthu odzipereka pa zaumoyo m'chigwa cha Shire likupempha anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje kuti asiye kupeputsa dandaulo lina limene amayi opitirira zaka 45 amakhala nalo, koma ambiri amangolimeza. Mayi ali pa ntchito yake, kaya akupeta mapira, kaya akuwerenga ndalama za nsomba pamsika wa Bangula, amangoona kadontho kothwanima pambali pa chimene akuyang'ana. Kadonthoko kamakula pang'onopang'ono n'kusanduka mizere yokhotakhota yonyezimira, ndipo m'kati mwake mumachita mdima, moti nkhope ya kasitomala amaiona theka. Ena zala zimachita dzanzi, dzanzilo n'kukwera mkono mpaka pamilomo. Pakatha mphindi 20 kapena 30 zonse zii. Mutu osawawa n'komwe.

Kusawawa kwa mutuko n'kumene kumasokoneza anthu. Aliyense amaudziwa mutu waching'alang'ala, uja wogunda mbali imodzi, wochititsa nseru, wogoneka munthu m'nyumba yamdima tsiku lonse. Zimene ambiri sadziwa n'zakuti matenda omwewo amatha kubwera ndi zizindikiro zake zotsogola zokha, mutu osafika. Madokotala amazitcha aura. Dokotala wa ku Canada, C. Miller Fisher, analemba mu 1980 za anthu achikulire amene ankaona zimenezi popanda mutu, ena mwa iwo asanadwalepo ching'alang'ala chibadwire.

Vuto silikhala m'maso, limakhala mu ubongo, kumbali ya kunkhongo kumene kumamasulira zimene maso aona. Wasayansi wa ku Brazil, Aristides Leão, anapeza mu 1944 kuti minyewa ya mu ubongo imatha kutekeseka motsatizana, kutekesekako n'kumayenda mamilimita pafupifupi 3 pa mphindi. Zimakhala ngati moto wa lupsa: kutsogolo malawi, omwe ndi mizere yothwanima ija, kumbuyo phulusa, pomwe ndi pamdima paja. Kusiyana kwake n'kwakuti ubongo supsa, umabwerera m'chimake ola lisanathe. N'chifukwa chake mayi akatseka diso limodzi, ngakhale onse awiri, mizereyo amaionabe, ndipo mankhwala odontheza m'maso ogula kumsika sathandiza kanthu.

Nanga bwanji pa msinkhu umenewu? Amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55. M'zaka zoyandikira nthawiyo, mahomoni a estrogen amakwera ndi kutsika mosalongosoka, ndipo ubongo wa munthu wa ching'alang'ala sugwirizana ndi kusinthasinthako. Msambo ukatheratu, mutu umachepa kwa ambiri, koma kwa ena zothwanimazo zimatsala zokha. Onjezanipo za kuno kwathu. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Mayi amene thupi likumutenthera lokha, usiku akudzuka ali thukuta kamukamu, amalawirira kudimba atangogona pang'ono, alibe chakudya m'mimba, madzi akumwa ali kutali, dzuwa likunyezimira pamadzi a Shire. Kusowa tulo, njala, ludzu ndi kuwala kothobwa m'maso, zonsezi zimadziwika kuti zimautsa ching'alang'ala. Nkhawa nayo imachita zomwezo, ndipo anthu amene anagona m'misasa pa kusefukira kwa madzi kwa 2015, pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 safunika kuuzidwa za nkhawa.

Koma gululi likuti pali chinthu chimodzi chimene sichifunika kukambirana: zikachitika koyamba, mayiyo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale zitatha zokha iye ali bwinobwino. Chifukwa chake n'chakuti sitiroko nayo imatha kugogoda kaye pakhomo. Kamtsempha ka mu ubongo kamatsekeka kwa mphindi zochepa n'kutseguka, munthu n'kuganiza kuti wachira, kenako masiku ochepa otsatira n'kufa ziwalo. Pali kusiyana ndithu. Za ching'alang'ala zimayamba pang'ono, n'kumayenda, ndipo chizindikiro chilichonse chimatenga mphindi 5 mpaka 60. Za sitiroko zimagwa nthawi imodzi: pakamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka, lilime kulemera, diso kuchita mdima osathwanima. Komabe wosiyanitsa akhale wachipatala, osati mwamuna wake, osati wogulitsa mankhwala pagolosale. Chimodzimodzi ngati kung'animako kuli m'diso limodzi lokha, timadontho takuda tikuyandama, kenako ngati chinsalu chikutseka mbali ina. Kumeneko kungakhale kumatuka kwa kachikopa ka m'kati mwa diso, ndipo kumafuna a maso mwamsanga, mpaka ku Lions Sight First ku Blantyre ngati achipatala atero.

Zipatala zilipo: cha boma ku Chikwawa ndi ku Nsanje, cha Ngabu, St Montfort ku Nchalo, Kalemba ku Bangula, Trinity ku Muona kwa a kutsidya kwa Shire, kuphatikiza zipatala zing'onozing'ono za m'madera. Makina ojambula ubongo ali ku Blantyre, ndipo wochokera ku Nsanje ulendo wake ndi wautali, komanso kwa a ku Makhanga nthawi ya dzinja bwato limalowererapo. Koma zoyambirira sizifuna makina amenewo. Kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga kumatheka pafupi. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno magazi ake amathamanga, ndipo ambiri sankadziwa.

Apa mpamene nkhaniyi ikulemera. Mayi wa ching'alang'ala chokhala ndi zothwanima ali pa chiopsezo cha sitiroko chowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi mnzake amene alibe. Chiopsezocho pachokha n'chaching'ono, koma chimakula akaphatikiza fodya, bipi yosasamalidwa, kapena mapiritsi olera okhala ndi estrogen monga Microgynon. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limaletseratu mapiritsi amtunduwu kwa amayi otere. Mayi wa zaka 46 amene msambo ukudumphadumpha angathebe kutenga pakati, kotero kulera sikunathe ntchito, koma auze anamwino za m'maso mwakemo kuti amusankhire njira ina yopanda estrogen, monga lupu kapena ya pamkono. Gululi likupempha anamwino a kusikelo ya kulera kuti funsoli aziyamba ndi iwo, chifukwa mayi sangaganize kuti zothwanima m'maso zikukhudzana ndi mapiritsi. Amene amagula mankhwala a mahomoni ochepetsa kutentha thupi m'mafamase a m'tauni nawonso asayambe asanaonane ndi dokotala.

Kwa amuna, ana ndi apongozi, pempho ndi lakuti amve mayiyo akamalankhula. Zinthu zoona yekha, ena osaziona, zimathamangitsira anthu kwa sing'anga, ndipo ena amafika ponena kuti gogoyo akuona za usiku. Tonse tikudziwa kumene mawu otere amakathera kwa mayi wokalamba m'mudzi. Lamulo la dziko lino la mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti akupemphedwa kuti azikumbutsa anthu zimenezi pamaliro ndi pamisonkhano. Anamkungwi, omwe amalangiza mtsikana akatha msinkhu, angathandizenso kulangiza amayi pa msinkhu winawu, umene mwambo umaudutsa mwakachetechete.

Achipatala akatsimikiza kuti ndi ching'alang'ala, zotsala n'zapafupi. Zikayamba, mayi akhale pansi pamthunzi, atalikirane ndi moto ndi madzi, atsike pakabaza, ngati ali m'bwato asapalase, amwe madzi, adikire. Panado sachotsa zothwanima, ndipo kumwa mankhwala opha ululu masiku ambiri pamwezi kumadzetsa mutu wina wake. Kudya kanthu asanapite kumunda, kunyamula botolo la madzi, ndi kugwira ntchito yolemetsa dzuwa lisanakwere kumachepetsa vutoli kwa ambiri. Zikamabwera pafupipafupi, pali mankhwala oteteza monga amitriptyline ndi propranolol, omwe wachipatala yekha ndiye angaone ngati akuyenera munthuyo.

Gululi likupemphanso kuti mdzukulu wa kusukulu azilemba pakapepala tsiku limene zothwanimazo zabwera, nthawi imene zatenga, mbali imene zayambira ndi zimene agogo anali kuchita, kapepalako n'kukasunga m'buku la kuchipatala. Alangizi a zaumoyo akamayendera midzi aziliona, ndipo zikasintha, monga kupitirira ola, kubwera ndi kufooka kwa mkono kapena mutu woopsa wadzidzidzi, mayiyo abwererenso kuchipatala tsiku lomwelo.