Tiphunzitse Mathero a Mawu, Osati Kuloŵeza

Ambiri a inu mukapita kukayesera kuphunzitsa mudzakopeka kulemba mndandanda wa mawu ovuta a Chingerezi pa bolodi ndi kuuza ana kuti aloŵeze. Ine ndikuti njira imeneyi ndi yotaya nthaŵi, pakuti chimene mwana waloŵeza Lolemba osachimvetsa, pofika Lachisanu amakhala atachiiŵala. Chofunika ndi kumuonetsa m'mene mawuwo anapangidwira.

Tiyeni titenge mawu othera ndi -ine. Mathero ameneŵa anachokera ku Chilatini, ndipo kaŵirikaŵiri amatanthauza "cha" kapena "chofanana ndi". Motero bovine ndi cha ng'ombe, ovine cha nkhosa, caprine cha mbuzi, porcine cha nkhumba, feline cha mphaka, ndipo equine cha kavalo. Ena ali ndi tanthauzo lokuluŵika: mphuno yokhota ngati mlomo wa chiombankhanga imatchedwa aquiline, pamene zochita zopusa, zoyenera bulu, ndi asinine.

Mwana amene wagwira mfundoyi sadabwa m'phunziro la Sayansi akamva kuti mano ake anayi osongoka aja ndi canine, popeza amafanana ndi a galu. Ngakhale liwu loti vaccine, katemera, linachokera ku vacca, ng'ombe yaikazi, chifukwa m'chaka cha 1796 Edward Jenner wa ku England anagwiritsa ntchito nthomba ya ng'ombe poteteza munthu ku nthomba yoopsa ija.

Ena amati mawu otere ndi osoŵa, ndipo mwana sadzawayankhula. N'zoona ndithu. Komatu chimene tikuphunzitsa ndi chizoloŵezi choyang'ana kumapeto kwa liwu, chimene adzachifuna pa mayeso ndi poŵerenga payekha. Chizoloŵezichi si chachilendo: mwana aliyense amasiyanitsa kuona, kuonana ndi kuonetsa. Yambirani pamenepo, pa chimene akuchidziŵa kale.

Chenjezo lilipo. Si liwu lililonse lothera ndi -ine limene limanena za nyama. Supine ndi kugona chagada, ndipo machine ndi medicine ali kutali ndi khola. Katchulidwenso kamasiyana: mathero a bovine, vaccine ndi medicine samveka chimodzimodzi. Tsono ana ayambe aganizira okha tanthauzo, kenaka atsimikize m'buku lotanthauzira mawu, pakuti safunsa anadya phula. Inunso, musanaime pamaso pa kalasi, yambani mwatsegula buku lomwelo.