Tsogolo la ulimi wa nkhumba ku Chitakale lagona pa kugonjetsa chigodola

MULANJE – Pa malo ochitira malonda a Chitakale, pomwe msewu wochokera ku Blantyre kupita ku chipata cha Muloza umakumana ndi wa ku Phalombe, nyama ya nkhumba ndi malonda osagonera. Ogulitsa kanyenya ndi eni ziwaya amadalira alimi a m'midzi yozungulira, omwe ambiri mwa iwo amaweta nkhumba zowerengeka kuseri kwa nyumba.

Ulimiwu ndi woyenerana ndi boma la Mulanje. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 680,000 m'bomali, chikhalirecho malo aakulu adatengedwa ndi phiri komanso minda ya tiyi. Banja lomwe silingapeze busa la ng'ombe limatha kupeza malo a khola la nkhumba.

Phindu lake nalo silichedwa. Nkhumba imakhala ndi bere masiku 114, ndipo ya mtundu wamakono monga Large White kapena Landrace ikamadya bwino imaswa ana 8 mpaka 12, kawiri pa chaka. N'chifukwa chake fizi ya ana, feteleza ndi malata m'mabanja ambiri zimachokera m'khola.

Koma chuma chonsechi chimatha kutheratu m'sabata imodzi kamba ka matenda a chigodola, omwe pa Chingerezi amatchedwa African swine fever. Nkhumba yodwala imatentha thupi, imaleka kudya ndipo khungu lake limafiira m'makutu ndi kumimba. Matendawa akafika mwamphamvu amapha pafupifupi nkhumba zonse m'khola, ndipo alibe mankhwala.

Chigodola si chachilendo m'dziko muno. Kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1980 adasonyeza kuti chidakhazikika m'chigawo chapakati, makamaka ku Mchinji, komwe kachilombo kake kamabisala mu nkhufi za m'makola. Kuyambira mu 1989 chidabuka m'chigawo cha kummwera n'kupha nkhumba zikwizikwi, ndipo mu 2019 chidavuta ku Karonga.

Kwa zaka zambiri matendawa, omwe adadziwika koyamba ku Kenya mu 1921, ankaoneka ngati vuto la alimi ang'onoang'ono a mu Africa. Zinthu zidasintha mu 2007 pomwe adafika m'dziko la Georgia. Akatswiri adapeza kuti kachilomboko kadali kofanana kwambiri ndi komwe kamapezeka ku Mozambique, Zambia ndi Madagascar. Kuchokera ku Georgia, matendawa adafalikira ku Russia ndi maiko a kummawa kwa Ulaya.

Mu Ogasiti 2018 chigodola chidalowa m'dziko la China, lomwe panthawiyo linkaweta pafupifupi theka la nkhumba zonse za pa dziko lapansi. Pofika kumapeto kwa 2019, chiwerengero cha nkhumba m'dzikolo chidali chitatsika ndi pafupifupi 40 peresenti ndipo mtengo wa nyama udakwera kuposa kawiri. Izi zidapindulira maiko omwe adalibe matendawa monga Brazil, United States, Canada ndi Spain, omwe adatumizako nyama yochuluka.

Dziko la Germany lidaona mbali ina ya malondawa. Mu Sepitembala 2020 chigodola chidapezeka mu nguluwe ya kutchire m'dera la Brandenburg, ndipo m'masiku ochepa China idaletsa nyama yonse ya nkhumba yochokera m'dzikolo. Dziko la Denmark, poopa zomwezi, lidali litamanga kale mpanda wotalika makilomita pafupifupi 70 m'malire ake ndi Germany mu 2019.

Zomwe zidachitikazi zikusonyeza kuti msika wa nyama ya nkhumba umatsata amene wakwanitsa kutchinga matenda. Malawi sali m'gulu la maiko otumiza kunja nyama yambiri ya nkhumba, koma lamulo lomweli limagwiranso ntchito pa Chitakale. Chigodola chikabuka, nthambi yoona za umoyo wa ziweto imaletsa kupha, kugulitsa ndi kuyendetsa nkhumba m'dera lokhudzidwa. Chiletsocho chimapweteka ngakhale mlimi amene khola lake lili bwinobwino.

Chovuta n'chakuti chiletso chimabwera matenda atayenda kale. Mlimi amene sakuyembekezera chipukutamisozi akaona nkhumba zayamba kufooka amathamangira kuzipha n'kugulitsa nyama motchipa kuti apezepo kangachepe. Popeza chigodola sichigwira anthu, ogula saona choopsa.

Komatu kachilomboka kamakhala ndi moyo mu nyama kwa masabata ambiri, ndipo mu nyama youmitsa kapena ya mufiriji kamatha miyezi. Madzi otsukira nyama, zotsala za m'mbale, nsapato za wogula ngakhalenso thumba lomwe lidanyamula nyama pa njinga zimakwanira kufikitsa matenda m'mudzi wina. Nkhumba zongoyendayenda zimatola zonsezi.

Boma la Mulanje lilinso m'malire ndi dera la Milange ku Mozambique, ndipo anthu a mbali ziwirizi amagulitsana katundu tsiku ndi tsiku, ena podzera njira zosadutsa pa chipata. Choncho chiletso cha mbali imodzi sichingakwanire popanda mgwirizano wa alangizi a ziweto a maiko awiriwa.

Kutsekera nkhumba m'khola ndiye chitetezo choyamba, koma kumafuna chakudya. Madeya amakwera mtengo chimanga chikasowa, monga zidachitikira mu 2024 pomwe chilala cha El Niño chidachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zakudya za ziweto ndi mankhwala zidakwera. Izi zidapeza alimi a ku Mulanje ndi Phalombe asadaiwale namondwe wa Freddy, yemwe mu Malichi 2023 adakokolola makola ndi ziweto. Mlimi akalephera kugula chakudya amamasula nkhumba kuti zikadzifunire zokha, ndipo apa mpomwe matenda amapezera danga.

Chiyembekezo cha katemera chilipo. Mu 2023 dziko la Vietnam lidavomereza akatemera awiri a chigodola kuti azigulitsidwa, koma akatswiri a zaumoyo wa ziweto adachenjeza kuti katemera wosayesedwa mokwanira angathe kuwonjezera vuto.

Pakadalipano, zida zomwe mlimi wa pa Chitakale ali nazo m'manja ndi zodziwika kale: khola lolimba lokhala ndi mpanda, kusalola alendo ndi ogula kulowamo, kupatula nkhumba yatsopano kwa mwezi umodzi isadasakanizidwe ndi zinzake, kuwiritsa zotsala za kukhitchini, kukwirira mozama nkhumba zakufa komanso kudziwitsa mlangizi msanga.

Izi sizingatheke ndi mlimi mmodzi, chifukwa khola labwino silithandiza ngati nkhumba za mnansi zikuyendayenda. Mafumu ali ndi mphamvu yokhazikitsa malamulo a m'mudzi oletsa kulekerera nkhumba, pomwe makalabu a alimi angathe kugula chakudya pamodzi pa mtengo wotsikirapo. Khonsolo nayo ili ndi udindo woonetsetsa kuti nyama yogulitsidwa m'misika yayezedwa.

Funso lomwe latsala kwa unduna wa zamalimidwe ndi la momwe ungathandizire mlimi amene waulula yekha za matenda m'khola lake. Malinga ngati kuulula kukutanthauza kutaya zonse, alimi apitiriza kugulitsa mwakabisira, ndipo chigodola chipitiriza kufika pa msika alangizi asadamve.