MWANA NDI MMODZI, MABUKU A BOMA AMVANE

Mai amene adziwa kuculuka kwa ana ace salakwa potapa ufa. Boma nalonso ndi kholo. Silingathe kumanga kalasi, kutumiza mphunzitsi kapena kugawa thandizo mwacilungamo ngati silidziwa kuti anthu ali angati, akhala kuti, ndipo asowa ciani. Motero nkhani yolumikiza mabuku a Boma, imene ena aiyesa ya makalaliki a ku Lusaka okha, ndi yanu amembala a Cipani m'midzi, pakuti ciwerengero ciliconse ciyambira pakhomo panu.

Pamene tinalandira ufulu mu 1964, dziko lonse linali ndi anthu pafupi-fupi 100 okha amene anatsiriza maphunziro a yunivesite. Kalembera wa 1969 anapeza kuti tinali oposa pang'ono 4 miliyoni, ndipo wa 2022 anapeza kuti tapitirira 19 miliyoni. Kuwerenga kotere nkofunika, koma kubwera patapita zaka khumi kapena kuposerapo. Mwana sayembekeza zaka khumi. Amene anali kumsana pa kalembera uyu, pa kalembera winayo ali pafupi kutsiriza pulaimale, kapena anasiya kale sukulu.

Taganizani za mtsikana wa m'mudzi uliwonse wa kuno Kum'mawa. Atabadwa, anamwino amlemba pa khadi la ku sikelo. Akayamba sukulu, aphunzitsi amlemba m'kaundula wao, ndipo pofika pa mayeso apatsidwa nambala ina. Agogo ace omlera alembedwa ndi komiti yoona za anthu ovutika. Amalume ace ali pa mndandanda wa feteleza. Akakwanitsa zaka 16 akatenga reji. Mabuku onsewa ndi a Boma limodzi, koma sadziwana. Kwina dzina lace alilemba mosiyana, kwina caka cobadwa angoyerekeza poona msinkhu. Tsiku limene mtsikanayo aleka kubwera m'kalasi, mphunzitsi angodula mzere pa dzina lace. A ofesi yothandiza ovutika samva kanthu. Pomwe nkhani imveka, mwana ali kale pa ukwati. Buku lililonse palokha silinaname, koma mwana watayika pakati pa mabukuwo.

Kuti mabuku akamvana anthu apindula, taona kale ndi maso athu. Nchito yopatsa ndalama mabanja osauka, ya Social Cash Transfer, inayambira ku Kalomo mu 2003, nifalikira m'maboma ena. Pambuyo pace, m'nchito ya GEWEL imene inayamba mu 2016, Boma linatenga maina a atsikana kucokera m'kaundula wa mabanja amenewa ndi kuwalipirira ku sekondale. Unduna umodzi unadziwa pomwe pali umphawi, unzace unadziwa pomwe pali sukulu. Ataika mabuku ao pamodzi, atsikana amene akanakhala pakhomo anabvala yunifomu. Mutu umodzi susenza denga.

Mu 2022 Boma linacotsa malipiro a sukulu kufikira kumapeto a sekondale. Makalasi anadzaza, ndipo caka comweco aphunzitsi oposa 30,000 analembedwa nchito. Koma mphunzitsi watsopano apita kuti? Apita kumene mapepala aonetsa kusowa, ndipo mapepalawo ndi mafomu amene aphunzitsi aakulu adzaza caka ndi caka. Mkulu wa sukulu amene aonjezera ana a m'maloto pa fomu kuti alandire zambiri sakunamiza Lusaka cabe. Akulanda mphunzitsi, mabuku ndi madesiki a ana a tsidya lina la dambo.

Maziko a malamulo alipo. Lamulo la 2018 linakhazikitsa bungwe la Zambia Statistics Agency kuti ziwerengero za dziko ziyende m'njira imodzi. Mu 2022 Boma linayamba kulemba nzika m'dongosolo latsopano la INRIS, lotenga zidindo za zala, ndi colinga cakuti munthu adziwike ndi nambala imodzi moyo wace wonse. Koma kompyuta ili ngati nkhokwe: ibweza cokhaco cimene munaikamo. Mukathiramo cimanga cofumbwa, musayembekeze ufa woyera. Ndipo nkhokwe yathu ili ndi cibowo cacikulu. Ngakhale lamulo lolembetsa kubadwa kwa ana lakhalapo kuyambira 1973, kafukufuku wa Boma wa 2018 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5, olembetsedwa anali 14 okha.

Tidziwa kuti ena aopa kulembedwa, ndipo mantha ao sitiwaseka. Akulu-akulu akumbukira citupa ca atsamunda, cimene cinali cingwe ca msonkho ndi comangira munthu kuti asayende momasuka m'dziko lace lomwe. Ndico cifukwa cace mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu anatentha zitupa pamoto. Kaundula wa mzungu anafuna kudziwa cimene angatenge kwa iwe. Kaundula wa Boma la anthu ayenera kufuna kudziwa cimene uli kusowa. Ciphunzitso ca Umunthu cimene Dr Kenneth Kaunda anapereka ku dziko mu 1967 cinaika munthu pakati pa zonse, ndipo muyeso wa nchito iyi ukhale womwewo.

Tsono mantha acotsedwa ndi macitidwe, osati ndi mau okoma. Lamulo la 2021 loteteza mbiri ya munthu liyenera kumveka mpaka m'mudzi. Matenda a munthu ndi umphawi wa banja lace si nkhani zokamba pa mowa kapena pa cigayo. Mphunzitsi adziwe cimene cimthandiza kuphunzitsa, namwino cimene cimthandiza kuciritsa, basi. Ndipo tinene poyera kwa ife eni ace: kaundula wa Boma si kaundula wa Cipani. Mtsogoleri amene afunsa mai wamasiye khadi la Cipani asanamlembe, kapena amene aika abale ace m'malo mwa osauka eni-eni, aononga dzina la Cipani koposa mdani aliyense.

Nanga ife ticite ciani? Coyamba, sekishoni ndi nthambi iliyonse ione kuti mwana aliyense wobadwa m'dera lace walembetsedwa, ndipo dzina lace lilembedwe cimodzi-modzi ku cipatala, ku sukulu ndi pa reji. Caciwiri, tithandize anyakwawa kusunga bwino buku la mudzi, monga lamulo la 1971 la kulembetsa midzi linanenera. Obadwa alowemo, omwalira ndi osamuka acotsedwe. Cacitatu, mwana akasowa m'kalasi sabata ziwiri, makolo a komiti ya sukulu apite kwao, ndipo auze a komiti yoona za ovutika. Cacinai, ticenjeze aliyense wolemba zabodza, ngakhale akhale mnzathu.

Nalonso Boma lili ndi ngongole yace. Masukulu ambiri a kumidzi alibe magetsi kapena intaneti, motero pepala ndi colembera zisanyozedwe kufikira zipangizo zitafika. Ndiponso ziwerengero zisamangopita ku Lusaka osabwerera. Makolo a wadi iliyonse ali ndi ufulu womva pa msonkhano kuti ana olembetsa ndi angati, osiya ndi angati, ndipo aphunzitsi alipo angati, kuti afunse akhansala ao mafunso oyenera.

Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tisalole mwana ndi mmodzi yemwe kutayika cifukwa ca ulesi wathu wa kulemba zoona.

Zambia Imodzi, Mtundu Umodzi!